Pepala Lodya Ng'ombe

Padangokhala.

Tili tonse.

Kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, ukatsata msewu wa Great East n'kupitirira mphambano yolowera ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, umafika m'dziko la Asoli, kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, m'boma la Chongwe. Kumeneko, ku minda ya Kanakantapa, kunali mphunzitsi wina wopuma pantchito, dzina lake a Phiri. Kwawo kunali ku Katete, koma atabwera ku Chalimbana kudzawonjezera maphunziro a uphunzitsi, anakonda nthaka ya kuno, nakhazikika.

A Phiri sanali munthu wosakaza. Atalandira ndalama zawo za penshoni anamanga nyumba ya malata pa malo awo okhala ndi chikalata cha boma, chimene anthu amangochitcha title. Anagula chigayo, anaweta ng'ombe mpaka zinakwana 14, ndipo zotsala anazisunga kubanki. Analinso ndi munda wina kutsidya kwa mtsinje, umene anyakwawa a m'mudzi woyandikana nawo anawapatsa kuti azilima.

Pakhomopo panali akazi awo, a Nabanda, ndi ana atatu. Woyamba anali Mavuto, woyendetsa takisi ku Mtendere mu Lusaka. Wachiwiri anali Tamara, wogulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Chongwe. Chitsirizira anali Dalitso, mwana wa Giredi 10. Panalinso Chisomo, mwana wamasiye wa mlongo wawo wa a Phiri, amene anakulira pakhomopo, ndipo ndiye ankaweta ng'ombe akaweruka kusukulu. Ku Katete kunatsala amayi awo a a Phiri, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, pamodzi ndi mng'ono wawo Yokoniya.

Tamara ankakonda kuwauza atate ake kuti, "Atate, inu mumadziwa kulemba kuposa tonse pano. Lembani wilo, tidziwe chili chonse mwini wake."

A Phiri ankaseka. "Iwe mwana, wanditopa kodi? Kulemba wilo ndi kuitana imfa. Ana anga ndi ogwirizana, adzagawana okha."

Imfa siyembekeza kuitanidwa. M'mwezi wa June 2019, chaka chija mvula inakana ndipo madzi anachepa kwambiri mumtsinje wa Chongwe, a Phiri anadwala masiku ochepa n'kutisiya.

Maliro anali aakulu. Yokoniya anafika ndi basi yodzaza abale a ku Katete, nati mkulu wake sangaikidwe ngati mlendo. Ng'ombe ziwiri zinaphedwa kuti olira adye. Yachitatu inagulitsidwa kuti alipire basi ndi bokosi lonyezimira lochokera ku Lusaka. A Nabanda anali m'nyumba ya siwa atafunda chitenje kumutu, ndipo palibe anawafunsa kanthu.

Tamara yekha ndiye anachita chinthu chimene ena anachiona ngati chopanda pake. M'sutikesi ya atate ake anapeza kaundula wakale wa kusukulu, wotsala masamba ambiri osalembedwa. Anayamba kulembamo chilichonse chotuluka pakhomopo: tsiku, chinthu, mtengo wake, ndi dzina la amene watenga. Malisiti ankawamata kumapeto kwa bukulo ndi phala la ufa.

Ataika maliro, abale anakhala pansi pa mtengo wa mango kugawa zovala za malemu ndi kusankha munthu woyang'anira chuma cha masiye, amene m'Zambia muno aliyense amamutcha administrator.

Yokoniya anaimirira. "Ife Achewa chuma cha mwamuna chimayang'aniridwa ndi akwawo. Mbumba ya mkulu wanga yatsala m'manja mwanga. Chisomo uyu ndi mphwathu, ndipo ine ndiye ndidzamusungira zake."

Mavuto anaimiriranso. "Atate aang'ono, ulemu wanu ulipo, koma ine ndine mwana woyamba. Chuma cha atate anga sichingawoloke Luangwa ine ndili moyo."

Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Pofuna kuzimitsa moto, akuluakulu anati onse awiri akhale oyang'anira. Awiriwo anagwirana chanza, koma aliyense akuyang'ana kumbali.

M'mawa mwake anapita kuboma kukatenga pepala. Asanalowe m'khoti la Local Court, anakumana ndi mwamuna wina wovala jekete ndi tayi, chikwama chakuda m'khwapa. Sanali wantchito wa khoti, sanalinso loya. Anali mmodzi wa anthu aja ozungulira pamene pali amasiye.

"Akuluakulu, pepani ndi maliro," anatero. "Mukanena zonse zimene malemu anasiya, adzakutumizani ku Lusaka, ndipo kumeneko mudzataya chaka ndi ndalama zambiri. Ingonenani kuti anasiya njinga ndi mbuzi. Pepala likatuluka, zakubanki ndi za ku Lands ndikuyendetserani ine. Ndimadziwana nawo onse."

Safunsa anadya phula. Awiriwo ananena za njinga ndi mbuzi, pepala linatuluka, ndipo mwamuna wa jekete anapempha yake ya mayendedwe ndi ya "kufewetsa manja". Yokoniya anagulitsa ng'ombe ziwiri. Ina inalowa m'chikwama chakuda, ina inathera pa maulendo ake a pakati pa Katete ndi Chongwe.

Madzulo ake, Chisomo potseka khola anawerenga ng'ombe, napeza 9. Anatsamira mzati, nayamba kuimba:

Khola la amalume, khola la amalume,
Dzulo munali angati?
Wakutengani ndani? Latitenga pepala.
Pepala limadya udzu? Ayi, limadya ng'ombe.

Tamara anamva nyimboyo ali kukhitchini. Anatsegula kaundula, nalemba.

Pepala lija litalowa m'thumba, Yokoniya anasintha mayendedwe. Anayamba kutolera ndalama za pachigayo. Tsiku lina anabwera ndi kalole, nayamba kukweza mipando, wailesi yakanema, mbale za alendo ndi makina osokera a a Nabanda.

"Alamu, makinawo ndimadyera ndi ana," anatero a Nabanda mwa mawu apansi.

"Mlamu, inu munabwera ndi chiyani pakhomo pano? Pepala lili ndi ine."

Tamara sanakangane naye. Anakwera njinga mpaka kupolisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, imene imathandiza amasiye olandidwa katundu. Wapolisi wamkazi anabwera kalole kasananyamuke. Anawerenga pepala la Yokoniya, naligwira m'manja, nati:

"Bambo, pepalali silikupatsani ngakhale supuni. Lamulo la chuma cha munthu womwalira wopanda wilo, Intestate Succession Act la mu 1989, limati katundu wa m'nyumba ndi wa mkazi wamasiye ndi ana. Nyumba ndi yawonso: ana ndi eni ake, ndipo mayi akhalamo moyo wawo wonse pokhapokha atakwatiwanso. Wolanda amasiye zimene lamulo lawapatsa akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka ziwiri. Tsitsani katunduyu."

Katundu anatsika, koma mtima wa Yokoniya unakwera. Kuyambira tsiku limenelo anati ana a mkulu wake amuchititsa manyazi pamaso pa Asoli, ndipo adzaona.

Kenaka inafika nthawi ya kubanki. Anavala bwino onse awiri, nakwera minibasi ya ku Lusaka, aliyense akuwerengera mumtima zimene adzagule. Wa kubanki anayang'ana pepala, anayang'ana ndalama zimene zinali m'buku la malemu, napukusa mutu. Anati chuma chochuluka chotero chimafuna kalata ya High Court. Anathamangira kufunafuna mwamuna wa jekete, koma foni yake inali yotseka, ndipo sanaonekenso pa Chongwe.

Pobwerera anakangana m'minibasi anthu akumvetsera. Mavuto anati atate aang'ono adya ng'ombe ziwiri pachabe. Yokoniya anati Mavuto akubisa title ya malo. Mlungu usanathe, Mavuto anapeza loya woti achotse Yokoniya pa udindo. Loya anafuna ndalama zoyambira, ndipo ng'ombe ziwiri zinakwera lole ya ogula nyama. Yokoniya atalandira masamoni anapezanso loya wake, ndipo ng'ombe zina ziwiri zinatsata zinzake. Chaka cha chilala aliyense amagulitsa, choncho ogula ndiwo ankatchula mtengo.

Chisomo anawerenga, napeza 5.

Khola la amalume, khola la amalume,
Dzulo munali angati?
Wakutengani ndani? Latitenga pepala.
Pepala lili ndi mano? Ayi, mano ndi a abale.

Mlandu unayamba kuyenda monga milandu imayendera. Tsiku lina loya wa uyu wadwala, tsiku lina wa uyo wapempha nthawi. Ulendo uliwonse wa ku Lusaka unkafuna ya basi, ya chakudya, ya mafotokope ndi ya loya, ngakhale mlandu utangoimitsidwa m'mphindi zisanu. Mu March 2020 matenda a Covid-19 analowa m'dziko, ndipo zinthu zambiri zinayamba kuyenda pang'onopang'ono.

Pakhomo zinthu zinkaonongeka mwakachetechete. Chigayo chinathyoka lamba, ndipo aliyense mwa oyang'anira awiriwo anati akonze mnzake. Chinakhala chete mpaka chinachita dzimbiri. Ndalama ya ground rent, imene mwini title amalipira ku Unduna wa za Malo chaka ndi chaka, inaunjikana. Ng'ombe zinaleka kusambitsidwa mankhwala a nkhupakupa chifukwa panalibe wogula mankhwalawo, ndipo mvula itabwera ziwiri zinadwala n'kufa. Masiku amenewo sukulu za sekondale zinali zolipira, pakuti maphunziro aulere anadzayamba mu 2022, ndiye Dalitso ndi Chisomo anabwezedwa kunyumba chifukwa cha fizi, pamene ndalama za a Phiri zinali gone kubanki.

Yokoniya, ngongole zitamuthina, anapeza munthu wa ku Lusaka wofuna malo. Malo a m'mbali mwa Great East anali atayamba kufunidwa kwambiri ndi anthu a m'tauni. Anamuonetsa munda ndi nyumba usiku ukuyandikira, nalandira K30,000 ya chikole. Koma wogulayo atafunsa loya wake, anauzidwa kuti woyang'anira chuma cha masiye sangagulitse malo popanda chilolezo cha khoti, ndipo dzina pa title silingasinthe ndi pepala limene Yokoniya anali nalo. Munthuyo anabwera pakhomo ndi galimoto, akufuula kuti akufuna ndalama zake. A Nabanda anamva tsiku lomwelo kuti nyumba imene ankagonamo inali itatsatsidwa.

Usiku umenewo Tamara anawerenga ndalama zake za tomato. M'mawa anakwera basi ya ku Chipata, natsikira pa Katete.

"Ambuya, ndabwera kudzakutengani. Mukapanda kubwera, mwana wanu adzamangidwa ndipo adzukulu anu adzagona panja."

Nkhalamba inamanga kathumba kake osafunsa zambiri.

Ambuya atafika ku Kanakantapa sanalowe m'nyumba. Anapempha kuti awatsogolere kukhola. Anaima pamenepo atatsamira ndodo, akuyang'ana ng'ombe 3 zowonda m'khola lomangidwira 14. Chisomo anali atakhala pa mzati, akuimba nyimbo yake motsitsa. Ambuya anamvetsera mpaka inatha, kenaka anati, "Itanani onse."

Anasonkhana pansi pa mango womwe uja. Yokoniya anayamba kulankhula za mwambo, Mavuto anayamba kulankhula za loya wake. Ambuya anagogoda ndodo pansi.

"Ndamva pakamwa panu chaka chathunthu. Lero ndikufuna kumva buku. Tamara, werenga."

Tamara anatsegula kaundula, nawerenga tsiku ndi tsiku, dzina ndi dzina, osawonjezera mawu ake. Za maliro, ng'ombe 3. Za mwamuna wa jekete ndi maulendo a atate aang'ono, 2. Za loya wa Mavuto, 2. Za loya wa atate aang'ono, 2. Zofa ndi nkhupakupa, 2. Anawerenganso ndalama za pachigayo zimene zinatoleredwa osafika pakhomo, ndi masiku amene chigayo chinakhala chosagaya.

"Bwerera," anatero ambuya. "Paja mumandiuza pa foni kuti boma ndi makhoti akudya chuma cha mwana wanga. Werenga za boma zokhazokha, zimene zili ndi lisiti."

Tamara anatembenuza masamba a kumapeto. Panali lisiti ya chikalata cha imfa, ya ku Local Court, ya masitampa a kukhoti ndi ya mafotokope. Anaphatikiza zonse.

"Ambuya, sizikufika mtengo wa ng'ombe imodzi."

Pansi pa mango panangoti zii.

"Ndiye pepala ladya mwendo umodzi," anatero ambuya, "ng'ombe zinazo mwadya ndinu. Yokoniya, mwana wanga, unati ukusungira mphwako. Chisomo ali apayu, chaka chatha osaponda m'kalasi. Wamusungira chiyani? Mwambo umene ukutchulawo ndimaudziwa kuposa iwe. Malume ankatenga khasu la malemu pamodzi ndi ana oti awalimire. Iwe watenga khasu, ana wawasiya. Ndipo iwe Mavuto, unati chuma cha atate ako sichiwoloka Luangwa. Sichinawoloke, inde. Chathera pa Lusaka pompa, amai ako akusinja chimanga mumtondo chigayo chili pakhomo."

Mavuto anaweramitsa mutu. Yokoniya anayesa kuyankha, koma ambuya anakweza dzanja.

"Woyang'anira chuma cha masiye ndi mbusa. Mbusa amadyetsa ng'ombe, amaziwerenga, madzulo amazibweza kwa eni ake. Mbusa akayamba kunola mpeni, timamulanda chikwapu. Nonse awiri tulani."

M'mawa mwake Tamara, amai ake ndi Mavuto anapita ku Lusaka, ku ofesi ya Legal Aid Board, kumene anthu osowa ndalama za loya amathandizidwa. Loya wachitsikana anawalandira, nawerenga kaundula wa Tamara tsamba ndi tsamba.

"Mukanabwera ndi bukuli mwezi woyamba, bwenzi nkhaniyi itatha kale," anatero. Kenaka anawafotokozera zonse mwa Chinyanja chomveka.

Anati lamulo la mu 1989 linaika malire akuti Local Court igwire chuma chosapitirira K50,000 ya ndalama zakale. Boma litachotsa maziro atatu pa kwacha mu January 2013, malirewo anasanduka K50, mtengo wa nkhuku. Choncho chuma chokhala ndi nyumba, title ndi ndalama za kubanki njira yake ndi ya ku High Court, ndipo amene anawauza kuti abise chuma anawagulitsa njira yopita kuphompho. Anati pamene pali ana aang'ono, kapena mayi wokhala m'nyumba moyo wake wonse, khoti limafuna oyang'anira osachepera awiri. Anati ntchito ya woyang'anira ndi inayi: kusonkhanitsa chuma chonse n'kuchilemba, kulipira za maliro ndi ngongole za malemu, kugawa zotsala monga lamulo linenera, ndi kuonetsa khoti mmene ndalama iliyonse yayendera likafunsa. Udindowo si ntchito yolemererapo. Woyang'anira amabwezeredwa zimene wagwiritsa ntchito moyenera, basi.

"Nanga magawidwe ake?" anafunsa Mavuto.

"Mukachotsa nyumba, katundu wa m'nyumba ndi ngongole, zotsalazo muzigawe pa 100. Mkazi wamasiye atenga 20. Ana atenga 50, ndipo pogawana mumayang'ana msinkhu ndi sukulu ya mwana aliyense. Mwana ndi mwana, kaya anabadwira m'banja kaya kunja. Makolo a malemu atenga 20. Amene malemu ankawasunga, ngati Chisomo, atenga 10."

"Nanga atate aang'ono?"

"Pamene pali mkazi, ana ndi kholo, mng'ono wa malemu amene sankasungidwa ndi malemuyo alibe gawo."

A Nabanda anafunsa za munda wa kutsidya. Loya anati lamuloli silikhudza malo a mafumu, ndiye nkhani ya mundawo akaikambe ndi anyakwawa. Anawauzanso kuti banja likalephereratu kugwirizana, pali ofesi ya boma ya Administrator General imene imatha kuyang'anira chuma cha masiye, koma banja lomvana limafulumira kuposa ofesi iliyonse.

Banja linagwirizana kuti a Nabanda ndi Tamara ndiwo akhale oyang'anira. Mlandu wa Mavuto ndi Yokoniya unatsekedwa mwa chimvano, pepala loyamba lija linafafanizidwa, ndipo pempho latsopano linalowa ku High Court ndi mndandanda woona wa chuma chonse.

Njira yoongokayo inalinso ndi mtengo wake, ndipo Tamara analemba zonse. Panali ndalama zolembetsera pempho kukhoti, za malumbiro, za munthu wodziwa kuyerekeza mtengo wa malo ndi chigayo, za chilengezo cha m'nyuzipepala choitana amene malemu anali nawo ngongole, za ground rent yotsalira ku Unduna wa za Malo ku Mulungushi House, ndi za minibasi. Panalinso kudikira pa mabenchi, kubwezedwa chifukwa fotokope ya chitupa cha NRC yafufutika, ndi kubweranso mawa lake. Tamara ankafunsa mtengo asanapereke, ankalipira pa windo lolipirira lokha, ndipo sankachoka popanda lisiti. Zonse pamodzi zinadya ng'ombe imodzi ndi ndalama za tomato za miyezi iwiri, zimene anadzabwezeredwa pogawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: patapita miyezi ingapo kalata ya khoti inatuluka, ndipo banki inatsegula buku la a Phiri.

Asanagawe analipira ngongole. Panapezeka ya feteleza imene malemu anatenga kusitolo, ndi ya fizi ya ana awiri aja. Za munthu wa ku Lusaka, ambuya ananena poyera kuti si ngongole ya malemu, ndi ya Yokoniya. Yokoniya anagulitsa njinga yake yamoto ndi fodya wa chaka chimenecho, nabweza chikole. Za ng'ombe ndi ndalama za pachigayo zimene anadya, khoti likanatha kumulamula kubweza zonse, koma a Nabanda anati, "Alamu akonze chigayo ndi manja awo, agule lamba ndi mafuta, nkhani ithere pomwepo. Ana anga adzafunabe kwawo kwa atate awo." Yokoniya anakhala milungu itatu pa Kanakantapa, manja ali bii ndi girizi, ndipo tsiku limene chigayo chinalira anapita kwa mlamu wake, nagwada, napepesa.

Ataphatikiza ndalama za kubanki, mtengo wa chigayo ndi wa ng'ombe ziwiri zotsala, n'kuchotsa ngongole ndi zolipira zonse, panatsala K150,000. A Nabanda analandira K30,000. Ambuya analandira K30,000. Chisomo analandira K15,000, imene inasungidwira sukulu yake. Ana atatu anali ndi K75,000. Mavuto anayang'ana mng'ono wake, nati, "Ine ndinadya kale zanga kwa loya. Dalitso atenge 40, Tamara 25, ine 10 indikwanira." Chigayo ndi ng'ombe sanazigulitse. A Nabanda ndi Tamara anazitenga pa mtengo wake monga mbali ya magawo awo, kuti pakhomo pazilowabe kanthu.

Tamara anawerengera mumtima kuti pakanapanda mkangano, ndalama zogawana zikanapitirira K200,000, ndipo ana awiri sakanataya chaka cha sukulu. Ndalama zikhoza kubwerera, koma Dalitso analemba mayeso a Giredi 12 anzake atamusiya kale.

Za munda wa kutsidya, a Nabanda anapita kwa anyakwawa ndi nkhuku m'manja, nawomba m'manja mwaulemu. Anyakwawa anati, "A Phiri anaphunzitsa ana athu. Mai, limani. Munda ndi wa amene akuulima ndi kudyetsa ana." Dzina la a Nabanda linalembedwa m'buku la mudzi.

Ambuya, asanakwere basi yobwerera ku Katete, anapatula K10,000 pa gawo lawo, napatsa Chisomo kuti agule ng'ombe yaikazi. "Unaziwerenga pamene eni ake sankawerenga," anatero. "Yamba khola lako."

Mwezi womwewo a Nabanda anaitana ana awo onse, nawauza kuti akufuna kulemba wilo. Mavuto anadzidzimuka. "Amai, mukudwala?"

"Sindikudwala, mwana wanga. Atate ako anaopa pepala limodzi, ndipo tinalipira mapepala zana."

Analemba zonse zimene zinali zawo: makina osokera, gawo lawo la chigayo, ndalama zawo, ndi dzina la amene adzayang'anire. Anasaina pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, monga lamulo la mawilo la mu 1989 limafunira. Mbonizo zinali akatekisiti ndi mphunzitsi wa pasukulu yapafupi, anthu amene sanalembedwe kuti adzalandira kanthu. Kope imodzi inasungidwa kwa loya, ina m'sutikesi, pamodzi ndi title, NRC ndi kaundula wa Tamara, ndipo ana onse anauzidwa pamene zili.

Nthano iyi ikutiphunzitsa kuti kholo likamwalira, njira ya lamulo ili ndi mtengo wake, koma mtengowo ndi wodziwika, uli ndi lisiti, ndipo umatha. Chimene chilibe malire ndi mtengo wa mkangano, wa njira zachidule ndi wa kuchedwa. Maliro achitike molingana ndi thumba, poganizira kuti olira akabalalika ana adzafuna kudya. Posankha woyang'anira tisayang'ane wamkulu kapena wa mawu okwera, koma wokhulupirika amene saopa kuonetsa buku lake. Kukhoti tinene chuma chonse monga chilili, ndipo tifunse kwa odziwa enieni, osati kwa oima pakhomo ndi zikwama. Ndipo inu makolo amene mukali ndi mphamvu, lembani wilo lero, pakuti ana ogwirizana pa mbale ya nsima sadziwika mmene adzakhalire pa khola la ng'ombe.

Nthano yathera pamenepa. Kaphuleni mbatata.

Yapserera!